KULUMIKIZA CITSULO CA MUBVI KU BANGO LACE

Cimanga cikayamba kukhwima, m'miyezi ya February ndi March, mlimi amene munda wace uli m'mphepete mwa phiri kapena mwa nkhalango sagona tulo tokoma. Usana anyani amatsika m'matanthwe, usiku nguluwe zimalowa m'mizere ndi kugwetsa mapesi, ndipo thukuta la miyezi inai likhoza kutha pa masiku awiri okha. Mfuti ziri ndi anthu owerengeka, pakuti zifuna cilolezo ca Boma ndi ndalama zambiri. Cifukwa cace alipo alimi amene pokwera pa cilindo amatengabe uta ndi phodo, monga anacitira makolo ao.

Amene amadzipangira yekha mibvi adziwa kuti wosula wabwino sasowa, ndiponso bango siligulidwa. Pobvuta ndi pamene citsulo ndi bango zikomana, malo amene m'nkhani yino tidzawachula kuti pakhosi pa mubvi. Mibvi yambiri imene imaphonya, kapena imene imangobvulaza nyama osaipha, inalakwika pamenepo. Mwini wace amanamizira mphepo, mdima kapena uta. Koma mukautenga mubviwo ndi kuuzunguza pa thabwa, mudzaona nsonga yace iri kubvina. Tsono nguluwe yobvulala si yoseweretsa ai. Yaikulu imapitirira makilogalamu 60, mano ace a kunsi ndi akuthwa ngati mpeni, ndipo ikabisala m'udzu ndi bala lace, wokomana nayo m'mawa ndiye mai wopita ku madzi kapena mwana wodyetsa mbuzi.

Ndisanapitirire, mau awiri a za lamulo. Nyama za kuthengo m'Malawi zimatetezedwa ndi lamulo lochedwa National Parks and Wildlife Act la caka ca 1992, limene linakonzedwanso m'caka ca 2017 ndi kuikamo zilango zowawa koposa kale. Kusaka m'nkhalango zosungira nyama, monga Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Nkhotakota, ndi mlandu waukulu. Kupha nyama ndi ululu ndi koletsedwa. Ndipo mlenje afunika kukhala ndi laisensi. Cotero musanakokere uta cirombo ciri conse, ngakhale m'munda mwanu momwe, pitani kwa nyakwawa ndi kwa a Boma oyang'anira nyama mukafunse cimene muloledwa kucita. Njobvu, njati ndi mvuu si za mubvi konse. Zimenezo mukaziona kanenani msanga.

MUBVI WOSOLOKA WA MAKOLO

M'buku limene David Livingstone ndi mbale wace Charles anasindikiza m'caka ca 1865, lonena za ulendo wao pa Zambezi ndi pa Shire, anafotokozamo mibvi ya alenje a njati a m'dziko lino. Mubvi unali wa zigawo ziwiri. Citsulo cokhala ndi ngowe ankacimanga kolimba ku kamtengo kotalika mainchi 10 kapena 12, ndipo mbali yina ya kamtengoko ankaisongola ndi kuilowetsa m'mphako ya bango, osamata ndi kanthu. Pa kamtengo pomwepo, kunsi kwa citsulo, ndi pamene ankapaka ululu wa kombe. Nyama ikalasidwa ndi kuthawa, bango linkasoloka ndi kugwa pansi, koma citsulo ndi ululu zinkatsala m'thupi. Akadamanga zonse pamodzi, bango likadakodwa m'zitsamba ndi kuzula citsulo ululu usanagwire nchito. Kombe yemweyo ndi amene Dr. John Kirk, mnzace wa Livingstone pa ulendowo, anamzindikiritsa kwa asing'anga a ku Ulaya, ndipo Thomas Fraser wa ku Edinburgh atamfufuza zaka zambiri analengeza m'caka ca 1885 kuti muli mankhwala a mtima.

Nzeru ya makoloyi inali yoyenera nchito yace. Pa mubvi wa ululu citsulo cingofunika kuboola cikopa ndi kukhazikika m'mnofu. Zotsala amatsiriza ndi ululu. Koma anthu ena anatengera kalumikizidwe kosoloka kaja pa mibvi yopanda ululu, osafunsa cifukwa cimene makolo ankacitira motero, ndipo pamenepo ndi pamene pali colakwa. Mubvi wopanda ululu umapha poceka. Uyenera kulowa kwambiri, kufikira mapapo ndi mitsempha yaikulu ya mwazi, ndipo kuti ufike kumeneko kulemera konse kwa bango kuyenera kukankha citsulo pa mzere umodzi woongoka. Pakhosi pakakhala pogwedera, mphamvu imatayikira pomwepo. Yesani kukhoma msomali ndi nyundo ya mpini wogwedera, mudzamvetsa cimene ndiri kunena.

Za ici pali umboni wocokera kunja. Dr. Ed Ashby wa ku America anayamba kuyesa mibvi pa nyama za ku Natal, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1980, napitiriza zaka zambiri pa njati ndi nyama zina zazikulu, kulemba za mubvi uli wonse, pamene unagunda ndi mmene unalowera. Pondandalika zinthu zimene zithandiza mubvi kulowa, coyamba pa zonse anaika kulimba kwa mubvi wonse, ndiko kuti usapindike, usathyoke, ndipo citsulo cisalekane ndi mtengo wace pogunda pfupa. Anapezanso kuti mubvi wolemera kufikira magalamu 42 kapena kupitirira ndiwo umaswa mafupa olimba kawiri-kawiri, pamene wopepuka umaima. Mauta amene iye anayesera si ofanana ndi athu a m'midzi, koma pfupa la nyama ndi limodzi-modzi konse-konse.

Pa cifukwa comweco ine sindibvomereza ngowe pa mubvi wolondera munda. Ngowe zinali zogwiriza ululu m'thupi. Popanda ululu zimangocepetsa kulowa kwa citsulo, ndipo nyama imene yalasidwa pamalo posapha imayenda nazo masabata, bala liri kuola, iyo iri kulusa. M'madera ambiri a ku America lamulo limakaniza zitsulo za ngowe posaka. Muuzeni wosula akusulireni citsulo cosalala, cooneka ngati tsamba la mango lowonda, cakuthwa mbali zonse ziwiri.

BANGO

Dulani bango lokhwima, lacikasu, m'cirimwe madambo atauma, la kukula ngati cala canu cacing'ono, la mfundo zoyandikana ndi khungu locindikala. Bango laliwisi limafota pouma, ndipo zonse zimene munamangapo zimamasuka. Limangeni m'mitolo yolimba kuti lisapindike ndi kuliumitsa pa mthunzi miyezi iwiri kapena itatu. Inu olima fodya muli ndi mwai, pakuti fodya akapita ku msika cigafa cimakhala copanda nchito, ndipo mitolo ya bango ikhoza kugona pa mikangala mphepo iri kupita. Bango limene lakhala pa utsi, monga pa tsindwi la khichini, silifumbwa msanga. Lopindika muliwambe pa makala, osati pa malawi, ndi kulioongola pa bondo pang'ono-pang'ono, kuligwira comweco kufikira litazirala.

Utali wace upimeni pa thupi lanu. Kokani uta mpaka pamene mumafikitsa poponya, mnzanu aike cizindikiro pa bango pamene lapyola dzanja logwira uta, ndipo muonjezepo mainchi 2. Kuonjezaku n'kofunika: citsulo cotambalala cikafika pa zala pokoka, cimaceka mwini wace. Mbali yonenepa, ya ku tsinde, ndiyo ikhale kutsogolo. Kumbuyo dulani pafupi ndi mfundo, kuti kamphanda kolowa nsinga kakhale ndi potsamira. Kutsogolo siyani mphako ya mainchi 3 patsogolo pa mfundo, ndipo podulapo pakhale posalala ndi polingana mbali zonse. Dulani pozunguza bango pansi pa mpeni wakuthwa, osati potema, ndipo tsirizani pokhula pa mwala wosalala. Pakamwa pa bango pakakhala popendekeka, ciri conse cimene mudzaikepo cidzapendekekanso.

CITSULO NDI KAMTENGO KA PAKATI

Citsulo ca mubvi ciri ndi ziwalo zitatu: tsamba loceka, mcira wolowa m'kati, ndi mapewa, ndiwo malo amene tsamba lithera ndi mcira uyambira. Anthu amayang'ana tsamba lokha pogula, koma ine ndimayamba ndi mcira. Ukhale wotalika mainchi 2 kapena 3, wa ngondya zinai kuti usazungulire m'malo mwace, wocepa pang'ono-pang'ono kunka kumapeto, ndipo uturuke pakati peni-peni pa tsamba. Goneketsani citsulo pa thabwa ndi kuciyang'ana cakumbali, kenaka cakutsogolo. Mcira ukapatuka pa mzere wa nsonga, bwererani naco ku cipala. Palibe phula kapena cingwe cimene cidzakonza zimenezo. Mapewa akhale oonekera bwino, pakuti ndiwo amalandira kugunda. Citsulo copanda mapewa cimasanduka mphero: cikagunda pfupa cimabwerera m'kati ndi kung'amba bango monga mmene mumawazira nkhuni.

Tsamba lotambalala inchi imodzi ndi kutalika mainchi 3 limalowa bwino. Muyeso umenewu, wa utali katatu kuposa kutambalala, ndi umene ankalimbikitsa Howard Hill, katswiri wa uta wa ku America. Tsamba lalifupi ndi lotambalala kwambiri limafuna uta wamphamvu. Za mtundu wa citsulo: tupa lakutha, mpeni wa macheka kapena sipuling'i ya galimoto zimagwira kunola. Msomali wophwanthidwa ndi wofewa, umapindika nsonga.

Kulowetsa mcira wa citsulo m'bango mweni-mweni n'kotheka, ndipo ambiri amatero, koma mphako ya bango ndi yaikulu kuposa mcira, cotero muyenera kukulunga mcirawo ndi ulusi wopaka phula kufikira utadzaza mphako. Njira yolimba koposa ndi ya makolo ija, ya kamtengo ka pakati, kungosiyana kuti ife tidzakamata ndi kukamanga. Tengani mtengo wolimba ndi wouma, monga naphini kapena tsanya. Mpini wothyoka wa khasu ndi wabwino zedi, popeza unauma kale-kale. Semani kamtengo ka mainchi 6 mpaka 8, konenepa molingana ndi bango. Mbali imodzi muicepetse kwa mainchi 3 kuti ilowe m'mphako kufikira pa mfundo, ndipo pamene kucepetsako kuyambira musiye kaphewa kozungulira kodzakhala pakamwa pa bango. Motero kugunda kudzagawika pawiri, pa mfundo ndi pa kaphewa. Kalowe kothina koma kosakakamiza; mukamva bango liri kulira, turutsani ndi kupalanso.

Mbali yinayo muboole polowa mcira. Apa ambiri amatsata njira ya khasu, kutentha mcira mpaka kufiira ndi kuulowetsa kuti udziboolere wokha. Pa khasu njirayi imagwira, cifukwa mutu wa mpini ndi wonenepa ndipo ukapserera pang'ono mtengo wabwino utsalabe wambiri. Pa kamtengo konga cala, pamene papserera ndi pafupi-fupi theka la mtengo wonse, ndipo makala sagwira kanthu: lero ciri cothina, mawa ciri kugwedera. Ndiponso moto ukakwera kufika ku tsamba ndi kulisandutsa lobiriwira, kukhwima kumene wosula anaika kwatha, ndipo silidzasunganso kuthwa. Boolani ndi kacitsulo koboolera, kapena ndi msomali wophwanthidwa kunsonga, pozunguza m'manja. Ngati mulibe njira yina koma moto, tenthani waya wocepa kuposa mcira, ndipo pambuyo pace palani zakuda zonse kufikira mtengo woyera.

PHULA LOMATIRA

Phula la njuci palokha ndi lofewa. Dzuwa la October limalifewetsa mubvi uli m'phodo. Utomoni paokha ndi wouma gwa, umasweka ngati galasi. Ziwirizi zikasakanizidwa zimathandizana. Yambani ndi magawo atatu a utomoni wouma, monga wa mitengo ya paini imene iri yambiri ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa, gawo limodzi la phula, ndi gawo limodzi la makala osinjidwa ngati ufa. Sungunulani m'kacitini pa makala ozirala pang'ono, kunja kwa nyumba ndi kutali ndi cigafa, pakuti utomoni umayaka msanga. Donthezani pang'ono pa mwala ndi kudikira. Likazirala likanikizeni ndi cikhadabo. Likathetheka, onjezani phula. Likamata ku cala, onjezani utomoni. Likangolowa kacizindikiro kakang'ono osasweka, lakhala bwino. Utomoni wa mitengo umasiyana, cotero cikhadabo canu cikhulupirireni koposa miyeso yangayi.

M'masitolo a zitsulo mumapezeka guluu wa m'macubu awiri osakaniza, wochedwa epoxy. Amagwira kolimba ndipo saopa mvula. Koma akauma wauma, simungatenthenso kuti muongole monga mucitira ndi phula. Mukagula ameneyu sankhani wocedwa kuuma, osati wa mphindi zisanu, kuti mukhale ndi nthawi yoongola.

KUMANGA KUYAMBE, KULOWETSA KUTSATE

Ili ndi langizo limene ndifuna mulisunge koposa onse. Mangani pakamwa pa bango musanalowetsemo kanthu, ndipo mangani kunsonga kwa kamtengo musanalowetse mcira. Bango limang'ambika m'litali, ndipo mng'alu ukayamba, ngakhale wosaoneka ndi maso, umapitirira. Cingwe comangidwa pambuyo cimangobisa mng'aluwo.

Comangira coposa zonse ndi mtsempha wa kumsana kapena wa ku miyendo ya ng'ombe kapena mbuzi. Uumitseni, muusinje pa mwala ndi mtengo kufikira utalekana ngati ulusi, ndipo pomanga bviikani ulusiwo m'madzi ofunda mpaka utafewa. Kulungani mizere yogundana, wina pambali pa unzace osakwerana, kwa inchi imodzi ndi theka, ndi kusalaza mapeto ndi cala. Safuna mfundo. Pouma mtsempha umafupika ndi kufinya bango wokha, cimene luzi kapena ulusi wa thonje sizicita. Cobvuta cace n'cakuti ukanyowa umafewanso, ndipo nchito yolonda imagwa m'nyengo ya mvula ndi mame. Cotero ukauma, patapita tsiku lathunthu, muupake phula lotentha ponse-ponse. Amene alibe mtsempha atenge linya la m'matayala kapena waya wocepa wa mkuwa, nakoke kolimba pokulunga. Mphira ya cubu ca njinga musayese konse, imatamuka pa nthawi imene ifunika kugwira.

Zomangazo zikauma, yesani kulowetsa zonse popanda phula, ndipo muzunguze kamtengo m'bango kufuna pamene kakhala koongoka koposa; ikani cizindikiro ca makala pa zonse ziwiri. Cotsani dzimbiri ndi mafuta pa mcira pokhula ndi mcenga. Kulungani tsamba ndi kansaru konyowa, kuti muteteze zala zanu ndi kukhwima kwa citsulo. Tsono funditsani mcira pa makala kufikira pamene phula lisungunuka poukhudza, osapitirira apo. Pakani phula pa mcira ndi m'malo mwace, ndi kulowetsa mpaka mapewa atakhala pansi. Citani cimodzi-modzi ndi kamtengo m'bango. Kunola kweni-kweni kudikire mpaka zonse zitatha. Zala zambiri zacekedwa pokankha citsulo conoledwa kale.

KUZUNGUZA

Phula likali lofunda, yesani kuongoka. Imikani mubvi pa nsonga yace pa thabwa lolimba, muugwirize momasuka m'kati mwa zala ziwiri za dzanja lamanzere, ndi kuupota ndi lamanja ngati nguli. Yang'anani pakhosi. Mubvi woongoka umazungulira ngati waima cabe; wokhota umagwedeza khosi ndipo mumaumva m'zala. Njira yoona bwino koposa ndi iyi: khomani misomali inai pa thabwa, iwiri-iwiri yopingasana ngati mphanda, kutalikirana mainchi 12, goneketsani mubvi pa mphandazo, nsonga yace iloze kadontho kolembedwa pa khoma kapena pa bokosi, ndipo muugubuduze ndi cala. Nsonga ikakhala pa kadontho, mwatha. Ikamalemba kabwalo mozungulira kadonthoko, funditsaninso pakhosi pang'ono, kankhani citsulo kunka kumene cifunika, ndi kuyesanso. Mubvi wina umatenga kanai kapena kasanu. Musatope nao.

Cifukwa ninji kusamala kotere pa kupendekeka kosakwana ngakhale mbeu ya mapira? Mubvi wa nsonga yozungulira, wonga msomali, ukhoza kukhota pang'ono ndi kupitabe kumene mwalozetsa, popeza nthenga za kumbuyo ndizo zimauongolera. Koma tsamba lotambalala liri ngati phiko loikidwa kutsogolo. Likapendekeka limagwira mphepo ndi kukokera mubvi kumbali, kulimbana ndi nthenga, ndipo kutsogolo kukayamba kutsogolera, kumbuyo kumangotsata. Ndico cifukwa cace mubvi wa tsamba ufuna nthenga zazikulu: zitatu, za mainchi 4 kapena 5, za nkhanga kapena nkhukundembo, zonse zocokera ku phiko la mbali imodzi kuti zipotoze mubvi njira imodzi. Ena amakangana ngati tsamba liyenera kuima kapena kugona poyerekeza ndi nsinga. Mubvi umapota pouluka, cotero mkanganowo ulibe phindu. Cofunika n'cakuti mibvi yanu yonse ikhale yofanana, kuti diso lizolowere.

Mukakhutira, siyani phula lizirale, ndipo mangani kaciwiri kuphimba polumikiza ponse, kuyambira pa kamtengo kutsikira pa bango, mosalala kuti pasakhale cokodwa pa cikopa ca nyama kapena pa dzanja lanu.

POLEMERA PA MUBVI

Tsopano masamu pang'ono, osabvuta. Pimani mubvi kuyambira pa kamphanda ka nsinga kufikira pa mapewa a citsulo, ndi kulemba pakati pace. Kenaka ugonekeni pa msana wa mpeni ndi kuusuntha kufikira utakhazikika osagwera mbali iri yonse. Malo amenewo ayenera kukhala patsogolo pa pakati. Opanga mibvi a Easton ku America amalangiza kuti pa mubvi wosakira akhale patsogolo ndi magawo 10 mpaka 15 pa 100 a utali wonse. Pa mubvi wa mainchi 30, pakati ndi pa 15. Magawo 10 pa 100 ndi mainchi 3, magawo 15 ndi mainchi 4 ndi theka. Cotero ukhazikike pakati pa mainchi 18 ndi 19 ndi theka kucokera kumbuyo. Mibvi ya bango ya kamtengo kolemera kawiri-kawiri imapitirira apa, ndipo si coipa, Dr. Ashby anapeza kuti yolemera kutsogolo imalowa koposa. Woopsa ndi wolemera kumbuyo, umene umayenda cammbali.

Koma pali malire. Citsulo cikalemera, bango limapindika kwambiri pa nthawi imene nsinga ilikankha, ndipo bango lowonda likhoza kuthyokera pa dzanja. Citsulo colemera cifuna bango lonenepa kapena lalifupi. Ndiponso zitsulo za m'phodo limodzi zikhale zolingana kulemera, pakuti colemera cimagwa pafupi, copepuka cimapitirira. Sikelo ya fodya singaone kusiyana kocepa kotere. Pacikani kamtengo koongoka pa ulusi pakati pace, mangani citsulo cimodzi uku, cina uko, ndipo colemeraco mucipale ndi tupa.

ZITSULO ZA M'SITOLO

Amene ali ndi abale ku Johannesburg nthawi zina amalandira zitsulo zopangidwa ku fakitale, popeza ku South Africa kuli masitolo a alenje a uta. Kulemera kwace kumalembedwa m'muyeso wochedwa grain: 100 grain ndi magalamu 6 ndi theka, 125 grain ndi magalamu 8. Ziripo za mitundu iwiri. Zina ziribe mcira, koma ziri ndi mphako, ndipo mtengo ndiwo umalowa m'citsulo. Cochuka ca mtundu umenewu ndi Razorhead, cimene Fred Bear wa ku Michigan anayamba kugulitsa m'caka ca 1956. Mphako yace imacepa kunka m'kati ndi madigiri 5, ndipo nsonga ya mtengo iyenera kusongoledwa molingana ndendende, kuti igunde mbali zonse popanda kufika pansi pa mphako. Bango silingasongoledwe motero, cotero apanso kamtengo ka pakati ndiko kathandiza. Tsukani mafuta a ku fakitale m'mphakomo ndi sipiriti musanamate, apo ai phula silidzagwira.

Zina ziri ndi mazinga ngati bauti, zopotera m'kacitsulo komatidwa m'kati mwa mibvi ya aluminium kapena ya carbon. Pa mibvi imeneyi malamulo ndi omwe aja: pakamwa pakhale polingana, m'kati mukhale moyera, ndipo muzunguze guluu asanaume. Carbon musaiyandikize ku moto, imaonongeka. Ndipo ikang'aluka itayeni, pakuti zipatso zace zonga singano zimalowa m'dzanja ndi m'nyama yodya. Kulinso zitsulo za mipeni yopindika imene imatseguka pogunda. Zimenezo zimadya mphamvu yambiri potseguka, ndipo pa mauta athu a mtengo ndi kutaya ndalama cabe.

KUYESA NDI KUSUNGA

Mubvi uli wonse uponyedwe usanalowe m'phodo. Imikani thunthu la nthoci patsogolo pa culu, kumene kulibe njira ya anthu kapena ziweto, ndipo ponyani muli pa mapazi 15, kenaka 20. Pozula gwirani pafupi ndi khosi ndi kukoka moongoka. Zunguzaninso pa thabwa. Umene wayamba kubvina utaponyedwa katatu pa nthoci sudzapirira pa phewa la nguluwe. Umasuleni ndi kuyambanso. Umene ukupatukabe ngakhale uli woongoka, yesani citsulo cace pa bango lina. Opambana okhawo ndiwo munole, ndi tupa poyamba, kenaka pa mwala, kufikira atameta ubweya wa pa mkono. Mtunda umene mumalasa nao thunthu nthawi zonse ndiwo mtunda wanu. Nyama ikakhala kutali kuposa apo, ipitikitseni ndi zitini ndi agaru.

Pa cilindo usiku musaponyere phokoso. M'cimanga mumayenda mbuzi za anansi, agaru, ngakhale anthu, ndipo mubvi wonoledwa bwino susankha. Ponyani cokhaco cimene mwaciona ndi kucizindikira, citaima cammbali, kulozetsa kumbuyo kwa phewa. Cikathawa ndi bala, dziwitsani mudzi ndi a Boma m'mawa momwemo anthu asanabalalike kunka ku minda.

Zitsulo zipakeni mafuta pang'ono kuletsa dzimbiri, ndipo pansi pa phodo ikani udzu wouma kapena cikopa kuti zisagundane. Phodo lipacikidwe pamwamba, posafika ana, kutali ndi dzuwa ndi podontha. Madzulo ali onse musanapite ku munda, tengani mubvi umodzi-umodzi, potozani citsulo ndi zala kuona ngati cagwedera, ndipo pindani bango pang'ono pafupi ndi khutu. Likalira, lithyoleni ndi kuliponya pa moto kuti mwana asalitole; citsulo ndi kamtengo sungani, mudzaziika pa bango lina.